Kuunika Ngozi ya Moto Pamalo a Bizinesi: Yambirani Pakhomo Lotulukira

Ngati muli ndi shopu, ofesi, malo ogona alendo kapena nyumba yosungiramo katundu, ntchito younika ngozi ya moto ndi yanu. Simungaikankhire kwa mlonda kapena kwa a inshuwalansi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pamfundo iyi ambiri amagwirizana: amene akulamula pamalopo ndiye adzayankhe mlandu. Ku England ndi Wales, lamulo la Regulatory Reform (Fire Safety) Order 2005 limaika udindowu pa wolemba anthu ntchito, mwini nyumba kapena woyendetsa malowo, ndipo kuyambira mu Okutobala 2023 zonse zimene wapeza ayenera kuzilemba, ngakhale bizinesiyo ichepe bwanji. Kumene muliko, kafunseni kwa ozimitsa moto zimene lamulo likufuna. Mutha kulipira katswiri kuti akuunikireni, koma udindo umatsalabe ndi inu.

Ntchito yanga yakhala yoyang'anira nyumba zosungiramo katundu, ndipo ndikafika pamalo sindiyamba ndi pepala. Ndimapita kuchipinda chakutali kwambiri ndi khomo, n'kuyamba kuyenda ngati munthu amene wamva kuti kwayaka. Inunso teroni. Sankhani nthawi yoipa: katundu atangotsitsidwa, makasitomala atadzaza, kapena madzulo magetsi atazima. Onani chimene chikukupunthwitsani. Mukafika pakhomo lotulukira pangozi, likankheni. Liyenera kutseguka popanda kufunafuna kiyi, ndipo ngati pamadutsa anthu ambiri lizitsegukira kunja. Tulukani ndithu, muone kuseri kwake. Ndinapezapo khomo lokhala ndi chikwangwani chobiriwira chokongola, koma kunja kwake atatsamiritsako migolo.

Nkhani ya loko imandiwawa mtima. Eni bizinesi ambiri amakhoma khomo lakuseri poopa akuba, ndipo mantha awo ndimawamvetsa. Koma pa 25 Malichi 1911, moto utabuka mu fakitale ya zovala ya Triangle ku New York, anthu 146 anafa, ambiri mwa iwo atsikana osoka, ndipo khomo lina lomwe akanathawira linali lokhoma. Patadutsa zaka 101, mu 2012, anthu oposa 100 anaferanso mu fakitale ya Tazreen ku Bangladesh atasowa potulukira. Pali maloko amene wakunja sangatsegule koma wamkati amangokankha chitsulo khomo n'kutseguka. Gulani amenewo, unyolowo muchotse lero.

Njira ikayera, fufuzani tsono pomwe moto ungayambire. Moto umafuna zinthu zitatu: kutentha, chinthu choyaka ndi mpweya. Mpweya simungauchotse, choncho ntchito yanu ndi kusiyanitsa ziwiri zinazo. Gwadani musuzumire pansi pa desiki. Mukapeza ekisitenshoni italumikizidwa ku ekisitenshoni inzake, ketulo ndi hitala zili pomwepo, gwirani pulagi. Ikakhala yofunda, kapena soketi yachita kabanga kofiirira ndi kafungo ka pulasitiki wopserera, zimitsani muitane wamagetsi wodziwa ntchito. Makatoni asafike pafupi ndi babu kapena bokosi la magetsi. Petulo wa jenereta, penti ndi masilinda a gasi zikhale kwazokha, kopita mphepo. Nsanza zopukutira mafuta a penti zikaunjikana zimatha kutentha n'kuyaka zokha, choncho muziziika mu ndowa yachitsulo yovundikira. Mabatire a lithium, monga a foni ndi laputopu, asamagone pa chaja usiku wonse popanda munthu, ndipo lotupa lichotsedwe. Kunjako, mabini a zinyalala asatsamire khoma, chifukwa wofuna kuotcha nyumba amayambira pamenepo.

Kenako ganizirani anthu, mmodzimmodzi. Wosesa amene amatsala yekha usiku adzadziwa bwanji kuti kwayaka? Wogontha sadzamva alamu. Woyenda pa njinga ya olumala akakhala pamwamba adzatsika bwanji, poti chikepe sichikweredwa nthawi ya moto? Mlendo sadziwa khomo lakuseri, amathamangira kumene analowera. Aliyense wa amenewa akhale ndi munthu amene wapatsidwa udindo womuthandiza. Pamalo pamene anthu amagona m'pofunika kusamala koposa, pakuti ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafikire. N'chifukwa chake zitseko zotchinga moto, zimene zambiri zimapangidwa kuti zipirire mphindi 30, siziyenera kupanidwa ndi kamtengo kuti zikhale zotsegula.

Zozimitsira moto zimakondedwa chifukwa zimaoneka, koma zimathandiza pamoto waung'ono wokha, ndipo zimatha m'masekondi owerengeka. Cha madzi n'cha matabwa, mapepala ndi nsalu, osati magetsi kapena mafuta. Cha mpweya wa CO2 n'cha zamagetsi, koma mlomo wake umazizira mpaka kuvulaza dzanja. Cha thovu chimagwira pa petulo ndi penti. M'khitchini yokazingira mukhale cha wet chemical (chopangidwira mafuta ophikira akayaka) ndi bulangete lozimitsira moto, ndipo mafuta oyaka osathirapo madzi ngakhale dontho, amaphulika. Kagwiritsidwe kake: solola kachitsulo, loza patsinde pa moto, finya, yendetsa uku ndi uku, khomo lili kumbuyo kwako. Mwezi ndi mwezi onani ngati muvi wa pageji ya chozimitsiracho uli pobiriwira (cha CO2 chilibe muvi, amachiyeza pasikelo), ndipo pachaka katswiri achione.

Zimene mwapezazo lembani m'buku limodzi: vuto, amene lingawavulaze, chochita, wochita ndi tsiku lomalizira. "Konzani mawaya" popanda dzina ndi tsiku sichitika. Alamu muziyesa sabata iliyonse, posinthasintha batani lolizira, magetsi ounikira pangozi mwezi uliwonse. Kamodzi pachaka, kapena kuposa apo, lizani alamu anthu onse atuluke akasonkhane pamalo amene munagwirizana, muwawerenge ndi kaundula wa tsikulo. Poyeseza pamenepa ndimakonda kuima pakhomo lalikulu n'kunena kuti "pano pali moto", ndione ngati adziwa njira ina. Wantchito watsopano muyende naye njira zotulukira tsiku loyamba lomwelo, ndipo adziwe nambala ya ozimitsa moto komanso kuti wotuluka sabwerera kukatenga foni.

Ngati nyumbayo mukugawana ndi mabizinesi ena, khalani pansi mugwirizane za masitepe ndi alamu, chifukwa makatoni a mnzanu atha kutseka njira yanu. Bukulo muzilitsegulanso chaka chilichonse, komanso mukangogawa chipinda, mukabweretsa makina atsopano, mukawonjezera antchito kapena kukabuka kamoto ngakhale kakang'ono kozimitsidwa ndi phazi.