Kaonetsedwe ka mitengo ndi madeti pa pulogalamu ya pa intaneti

Tiyerekeze kuti mukukonzera shopu ya ku Luwinga pulogalamu yoonetsa katundu: khofi wa ku Mzuzu, mpunga wa Kilombero, usipa wochokera ku Nkhata Bay. Mu database sungani nambala yokhayokha, 12500, osati "MK12,500". Zilembo za MK ndi chizindikiro cha koma (,) muzionjezere pa nthawi yoonetsa pa sikirini basi.

Mukasunga mtengo ngati mawu, kusanja kumasokonekera. Kompyuta imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndiye MK9,000 amabwera pambuyo pa MK12,500 chifukwa 9 ndi wamkulu kuposa 1. Wogula amene wafuna kuona zotchipa poyamba amalandira mndandanda wosokonekera, ndipo vutoli silionekera msanga ngati katundu woyesera ali ndi mitengo yofanana kutalika.

Mu JavaScript gwiritsani ntchito Intl.NumberFormat, chida chokonzera kaonekedwe ka manambala. Locale (chiyankhulo ndi dziko) ikhale en-MW, style ikhale currency, ndipo currency ikhale MWK. Pokhapokha mutaletsa, idzaonetsa matambala, .00 kumapeto. Palibe amene amagula usipa ndi matambala masiku ano, choncho ikani 0 pa maximumFractionDigits komanso pa minimumFractionDigits. Ikani zonse ziwiri: mabrawuza akale amatulutsa uthenga wa vuto wotchedwa RangeError mukaika maximumFractionDigits yokha, ndipo mafoni akale ndi ambiri mwa makasitomala anu. Pangani formatter (Intl.NumberFormat yanuyo) imodzi kunja kwa loop (code yobwerezedwa pa katundu aliyense), osati yatsopano pa mzere uliwonse.

Madeti ndiwo amavuta kwambiri. Locale ya en-US imayamba ndi mwezi, moti 3/4 kwa ife ndi 3 Epulo pamene kwa iyo ndi 4 Malichi. Lembani dzina la mwezi, kuchokera pa mndandanda wanu wa Januwale mpaka Disembala, mukukumbukira kuti getMonth imawerenga Januwale ngati 0. Nthawi ya Malawi ili patsogolo pa UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi) ndi maola 2, choncho malonda a 1 koloko usiku akhoza kuoneka ngati a dzulo ngati simunaike timeZone kukhala Africa/Blantyre.

Pa tebulo, mitengo ikhale kumanja, ndipo mu CSS ikani font-variant-numeric: tabular-nums kuti manambala aime molunjikana. Pamene mtengo kulibe lembani "funsani mtengo", osalola mawu oti undefined kapena NaN afike kwa wogula.

Dzina la katundu, makamaka lolembedwa ndi wogulitsa mwiniwake, liikeni kudzera mu textContent, yomwe imalionetsa ngati mawu wamba. Mukagwiritsa ntchito innerHTML, yomwe imawerenga zolembedwazo ngati code ya tsamba, aliyense wolemba code m'malo mwa dzina akhoza kuiyendetsa pa foni ya kasitomala wanu.