Momwe mungayezere liwiro la phokoso pabwalo la sukulu yanu

Aliyense amene anakulira m'midzi ya ku Kasungu anaonapo munthu akuwaza nkhuni kutsidya kwa dambo. Nkhwangwa imatera pachipika mwakachetechete, ndipo kugunda kwake kumafika m'makutu mwiniwake atayamba kale kuitukulanso. Chimachititsa zimenezi ndi kusiyana kwa liwiro: kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, pomwe phokoso limayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 okha pa sekondi kukamatentha madigiri 20. Ophunzira ambiri amaloweza manambalawa pokonzekera mayeso a MSCE, koma ine ndimakhulupirira kuti nambala imene mwaiyeza ndi manja anu siiwalika, ndipo kuyeza liwiro la phokoso sikufuna labotale.

Musanatuluke panja, mvetsani kaye chimene mukufuna kuyeza. Ikani mchenga pang'ono pachikopa cha ng'oma, muiombe, ndipo mudzaona mchengawo ukudumpha chifukwa chikopacho chikunjenjemera. Chikopa chikamanjenjemera chimakankha mpweya umene wachikhudza, mpweyawo umakankha unzake, mpaka kukankhanako kufika m'khutu lanu. Mpweya wa pang'omapo sufika kwa inu. Chimene chimayenda ndi funde, monga momwe tsamba loyandama padziwe limangokwera ndi kutsika pamalo amodzi mafunde akamadutsa. N'chifukwa chake phokoso silingayende kumene kulibe mpweya, madzi kapena chinthu cholimba, pamene kuwala kwa dzuwa kumadutsa m'mlengalenga mopanda kanthu n'kutipeza patatha mphindi 8 ndi masekondi 20.

Tsopano pezani khoma lalitali ndi lotambalala, monga la holo kapena la tchalitchi, limene kutsogolo kwake kuli bwalo lopanda mitengo ndi nyumba zina. Mufunikanso timatabwa tiwiri touma, foni yokhala ndi wotchi yowerengera masekondi, ndi chingwe chimene mwachiyeza ndi rula ya mita imodzi ngati tepi palibe. Yezani mamita 50 kuchokera pakhomapo, ndipo muchite zimenezi mosamala, pakuti kulakwitsa mtunda kumaononga ntchito yonse. Musayime pafupi: khutu la munthu limalekanitsa phokoso ndi kubwerera kwake pokhapokha pakati pake padutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kutanthauza kuti khoma liyenera kutalikira mamita osachepera 17.

Mmodzi wa inu amenyanitse timatabwato kamodzi, nonse mumvetsere phokoso lobwerera kuchokera kukhoma, limene m'mabuku a fizikisi limatchedwa echo. Nthawi yake ndi yaifupi kwambiri moti chala sichingaigwire pawotchi, choncho nzeru yake ndi kuomba mobwerezabwereza. Woombayo asinthe kaombedwe kake pang'onopang'ono kufikira phokoso lobwerera lizigwera pakati penipeni pa kuomba kuwiri, kuti muzimva kugunda kolingana, kwa thabwa ndi kwa khoma mosinthana. Apa m'pamene pali ntchito, ndipo musafulumire. Perekani timatabwato kwa mnzanu amene amatha kuomba ng'oma kapena m'manja pa chimtali, chifukwa khutu lozolowera kusunga nyimbo ndilo chida chofunika kwambiri pa kuyeza kumeneku.

Kaombedwe kakakhazikika, wosunga nthawi ayambitse wotchi pa kuomba kumodzi akuwerenga kuti ziro, osati wani, ndipo aiyimitse pa kuomba kwa nambala 20. Kupita kukhoma ndi kubwerera ndi mamita 100, koma popeza woombayo amadikiranso nthawi yofanana ndi imeneyo asanaombenso, mpata uliwonse ukuyimira mamita 200, ndipo mipata 20 ndi mamita 4,000. Tiyerekeze kuti wotchi yaonetsa masekondi 11.8: gawani 4,000 ndi 11.8, mupeza mamita pafupifupi 339 pa sekondi. Bwerezani kasanu, muphatikize nthawi zonsezo n'kugawa ndi 5, ndipo musataye nambala imene simunaikonde pokhapokha mukudziwa chimene chinalakwika.

Yankho lanu likasiyana pang'ono ndi la m'buku musakhumudwe. Liwiro la phokoso limakwera ndi mamita pafupifupi 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse ya kutentha, kotero kuti m'mawa wozizira wa mu June, pa madigiri 15, limakhala pafupifupi 340, koma masana a mu October, pa madigiri 30, limafika pafupifupi 349. Sankhani nthawi yopanda mphepo yamphamvu ndiponso yopanda phokoso la anzanu.

Nambala mwapezayo igwiritseni ntchito m'lamulo la mafunde onse, lakuti liwiro limapezeka pochulukitsa frequency ndi wavelength. Frequency ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi, ndipo wavelength ndi kutalika kwa funde limodzi. Liwu lonjenjemera ka 170 pa sekondi, ngati liwiro lili 340, funde lake ndi lotalika mamita 2.

Mvula ikayamba mudzakhala ndi mwayi wina woyeserera, muli m'nyumba. Mukaona kung'anima, werengani masekondi kufikira mutamva bingu, kenaka gawani ndi 3 kuti mupeze makilomita, chifukwa phokoso limatenga pafupifupi masekondi 3 kuyenda kilomita imodzi. Masekondi 9 ndiye kuti mphezi yagwa pamtunda wa makilomita 3. Bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, mphezi ili pafupi mokwanira kukuvulazani. Ngati muli kumunda wa fodya kapena pabwalo la mpira, siyani zimene mukuchita mukalowe m'nyumba yolimba, ndipo musabisale pansi pa mtengo.