Momwe mungalongedzere chikwama cha m'manja chokha pokwera ndege

Ulendo wa masiku anayi kapena asanu ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Lusaka sufuna chisutikesi chachikulu. Kachikwama kamodzi kolowa nako m'ndege kamakwana. Mukatera mumangotuluka osaima pa lamba wa katundu, ndipo palibe zoti inu mwafika koma zovala zanu zatsalira ku Addis Ababa. Chomwe chimakola anthu ambiri si kuchepa kwa malo m'chikwamamo ayi, koma sikelo. Choncho ntchito yonse iyambire pa kulemera.

Dziwani malire musanatsegule wodiropu

Makampani ambiri, kuphatikizapo Ethiopian Airlines, amalola makilogalamu 7 kwa okwera m'gawo la anthu wamba. Ena amafika 8 kapena kupitirirako. Kukula kwa chikwama kumakhala pafupifupi masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 23 kunenepa kwake, ndipo muyesowu umawerengera matayala ndi chogwirira chomwe. Onani zomwe zalembedwa pa tikiti yanu. Ngati ulendowo mukwera ndege za makampani awiri, tsatirani amene malire ake ndi ochepa. Amene mukayendenso ndi ndege zotsika mtengo za ku Ulaya ngati Ryanair, dziwani kuti tikiti yotchipitsitsa imangolola kachikwama kolowa pansi pa mpando; chamatayala amalipiritsa padera.

Kenako ikani chikwama chopanda kanthu pa sikelo. Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Sutikesi yamatayala yolimba ija imalemera makilogalamu 2.5 mpaka 3 isanalandire ngakhale sokosi imodzi, ndiye kuti pa 7 paja mwatsala ndi 4 basi. Chikwama chobereka kumsana chansalu chimalemera kilogalamu imodzi kapena kucheperapo. Ngati msana wanu uli bwino, tengani chobereka. Sikelo yoyezera katundu mukaisowa, ya kubafa imathandiza: dziyezeni nokha, dziyezeninso mutanyamula chikwama, n'kuchotsera.

Zovala

Yalani pabedi zonse zomwe mukuganiza kutenga, kenako werengani masiku ndi zochitika. Pa ulendo wa masiku asanu, mwamuna angakwanire ndi mathalauza awiri (imodzi ili m'thupi), malaya anayi, zamkati ndi masokosi a masiku asanu, ndi chogonera chimodzi. Mayi angatenge madiresi awiri, siketi kapena thalauza imodzi ndi mabulauzi atatu. Sankhani mitundu yogwirizana, kuti malaya alionse athe kuvalidwa ndi thalauza ina iliyonse. Chovala chomwe chimafuna nsapato zakezake chitsale.

Zolemera zivalidwe, zisalongedwe. Jinzi imodzi imaposa theka la kilogalamu, ndipo nsapato zachikopa zachimuna zimatha kuyandikira kilogalamu yathunthu. Valani nsapato zolemerazo, jinzi ndi jekete pokwera. M'chikwama mulowe nsapato zopepuka kapena mapatapata. Jeketeyo musaione ngati mtolo. M'ndege mumazizira, ndipo ku Johannesburg mu June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kutsala pang'ono kuundana. Matumba akenso sayezedwa pa sikelo.

Chitenje chimodzi musachisiye, kaya ndinu mayi kapena bambo. Chimafunda m'ndege, chimapukuta m'malo mwa thaulo, chimakulunga zovala zakuda, ndipo chimauma msanga. Thaulo lalikulu lamanyowa ndi katundu wachabe. Malo ogona ambiri ali nalo kale.

Ma T-shirt, zamkati ndi zogonera muzikulunge ngati mkeka, chifukwa zikatero zimalowa m'timipata ndipo sizikwinyika kwambiri. Malaya a kolala ndi suti zipindeni bwinobwino, zikhale pamwamba. Masokosi alowe m'nsapato, nsapatozo zilowe m'jumbo. Matumba opopa mpweya aja musawakhulupirire: amachepetsa kukula kwa zovala koma kulemera kumakhala komweko, ndipo malo akapezeka mtima umafuna kuwonjezera zina. Ulendo ukapitirira sabata, musawonjezere zovala, tengani kachidutswa ka sopo wochapira. Zamkati zochapa madzulo zimakhala zitauma m'mawa.

Zamadzimadzi: apa ndi pomwe katundu amalandidwa

Pa ndege zopita kunja, botolo lililonse la zamadzimadzi lisapitirire mamililita 100, ndipo onse alowe m'kathumba kamodzi kapulasitiki koonekera mkati, kotsekeka, kokwana lita imodzi (pafupifupi masentimita 20 mbali zonse). Achitetezo amaona kukula kwa botolo, osati zomwe zatsalamo. Botolo la mamililita 200 lomwe mwatsala timafuta pansi amalanda ndithu. Mabwalo ena a ndege a ku Ulaya omwe ali ndi makina atsopano afewetsako lamuloli, koma longedzani ngati lilipo, poti simudziwa bwalo lomwe mudzabwerere.

Mawu oti zamadzimadzi asakunyengeni. Chilichonse chopakika kapena chothirika chili m'gulu lomweli: mankhwala otsukira mano, Vaseline, mafuta odzola ndi a tsitsi, pefyumu, uchi, chiponde, ngakhale botolo la Nali lomwe achibale a kunja aitanitsa. Njira yake ndi kuthira mafutawo m'timabotolo tating'ono, n'kusiya kampata pamwamba. Ndege ikakwera mpweya wa mkati mwake umachepa mphamvu, ndipo botolo lodzaza kwambiri limatulutsa mafuta. Ikani kapulasitiki pakamwa pa botolo musanatseke chivindikiro. Sopo wa mtanda salowa m'lamuloli, ndiye amasiyira malo zinthu zina.

Mankhwala a kuchipatala ndi mkaka wa mwana amaloledwa kupitirira muyesowu, bola muwaonetse. Mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV akhale m'mabotolo ake enieni okhala ndi zolemba, pamodzi ndi kalata ya dokotala, makamaka ngati pali jakisoni. Tengani okwanira ulendo wonse ndi masiku ena atatu, chifukwa ndege zimachedwa. Botolo la madzi akumwa lidutse pa chitetezo lili lopanda kanthu.

Mabatire ndi zakuthwa

Pawa banki imayenda m'manja basi, siiloledwa kupita kunsi kwa ndege, chifukwa batire la lithium likayaka liyenera kuoneka msanga kuti lizimitsidwe. Malire ake ndi 100 Wh (muyeso wa mphamvu yomwe batire limasunga). Ya 20,000 mAh ili ndi pafupifupi 74 Wh, choncho imadutsa. Ya 30,000 mAh yapitirira ndipo imafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Yofufutika zolemba akhoza kuikana, poti palibe chosonyeza mphamvu yake.

Mpeni, lezala, sikuludilaiva ndi sizasi yaikulu zitsale kunyumba. Fufuzani m'timatumba tonse ta chikwama, chifukwa kampeni ka pa makiyi kamaiwalika mosavuta. Pa chaja, mapulagi a ku Malawi amalowa m'masoketi a ku Britain ndi ku Kenya popanda vuto, koma ku South Africa masoketi ndi a mabowo ozungulira, ndiye mufunika adaputa.

Kayikidwe kake

Pansi pa chikwama, kumbali ya matayala kapena kufupi ndi msana, ikani nsapato ndi zina zolemera. Pakati zovala zokulunga, pamwamba zopinda. Laputopu ndi kathumba ka zamadzimadzi zikhale poti mungazisolole ndi dzanja limodzi, chifukwa pa makina ounikira katundu amafuna muzitulutse, ndipo kukhuthula zamkati pamaso pa mzere wa anthu si kosangalatsa.

Pasipoti, tikiti, ndalama, foni, mankhwala, pawa banki ndi cholembera zikhale m'kachikwama kakang'ono kapadera kapena m'matumba a jekete. Chifukwa chake n'chakuti ndege zing'onozing'ono, monga Dash 8 Q400 ija ya mapulopela yomwe imayenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, zili ndi mashelefu ochepa pamwamba pa mipando. Chikwama chamatayala amatha kuchilandira pamakwerero n'kuchiyika kunsi, ndipo zomwezi zimachitika ndege yaikulu ikadzaza. Zikatero mumakhala ndi kamphindi kochepa kotulutsa laputopu ndi mabatire.

Pomaliza yezaninso chikwama chodzazacho, ndipo musachifikitse pa 7 penipeni. Lekezani pa 6 kapena 6.5, chifukwa masikelo amasiyana, komanso pobwerera pamakhala timphatso ta ana. Zipi ikamatsekeka mochita kukhalira chikwama, tulutsani china. Chikwama chotupa sichilowa m'kabokosi kachitsulo koyezera kukula komwe kamakhala pa kauntala, ngakhale kulemera kwake kuli bwino. Achibale akabwera ndi ufa, usipa ndi mpunga wa Kilombero woti mukapatsire wina, auzeni poyera kuti mulibe malo. Makilogalamu awiri a ufa amalemera ngati zovala za masiku atatu, ndipo phukusi lomwe simunalitsegule nokha musalinyamule, poti pa chitetezo wofunsidwa ndi amene walinyamula.