Kusunga mbiri ya banja pakompyuta moti achibale okha ndi amene aziiona

Musanasankhe pulogalamu iliyonse, gawani zinthu zanu m'mitolo iwiri. Mtolo woyamba ndi nkhokwe yeniyeni: zithunzi zojambulidwa bwino, mawu a akuluakulu osadulidwa, masatifiketi, makalata ndi mayina a anthu onse, amoyo ndi omwalira omwe. Nkhokwe imeneyi azisunga anthu awiri kapena atatu basi. Mtolo wachiwiri ndi woti achibale aziona, ndipo muziikamo zokhazo zimene simungadandaule nazo zitatuluka kunja. Chilichonse chimene msuweni akuchiona pafoni angathe kuchijambula n'kutumizira mnzake, ndipo palibe pasiwedi yoletsa zimenezo.

Yambani ndi anthu, mapepala abwere pambuyo. Satifiketi mukaipeza pomwe munaisiya, koma agogo a zaka 85 mwina chaka chamawa simudzawapeza akukumbukira monga lero. Pojambula mawu, ikani foni pansalu yopinda patebulo, pamtunda wa masentimita 30 kuchokera kwa wolankhula, ndipo zimitsani netiweki kuti wina akaimba asadule nkhani. Tchulani tsiku, dzina lanu ndi dzina lawo musanafunse kanthu. Funso lakuti "tiuzeni mbiri yanu" silitulutsa zambiri. Apatseni chithunzi m'manja n'kufunsa kuti, "Agogo, awa aima kumbuyowa ndi ndani? Anali kuti nthawi imeneyi?" Pamenepo mayina amayamba kutuluka okha. Mphindi 45 n'zokwanira pa tsiku limodzi. Pomaliza afunseni ngati pali zimene sakufuna kuti adzukulu amve, ndipo yankho lawo lijambulidwenso. Mawu osungidwa mu fayilo ya mtundu wa MP3 amadya malo pafupifupi 1 MB pa mphindi, pamene mtundu wa WAV umadya kuwirikiza kakhumi.

Pa zithunzi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Makalata ndi masatifiketi ajambuleni pa sikana pa 300 dpi (dpi ndi kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse), zithunzi zing'onozing'ono pa 600 dpi, kuti nkhope ya munthu wakumzere wakumbuyo idzaoneke mukaikulitsa. Za m'nkhokwe zisungeni ngati fayilo ya mtundu wa TIFF, chifukwa mtundu wina wa JPEG umataya timadontho tina nthawi iliyonse mukakonza chithunzi n'kuchisunganso. Koma werengerani malo: chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 pa 600 dpi chimafika cha m'ma 25 MB ngati TIFF, kutanthauza kuti zithunzi 600 zadzaza kale 15 GB. Ndiye TIFF ikhale pahadi disiki, achibale muwapatse JPEG. Ngati sikana palibe, foni imathandiza: yalani chithunzi pafupi ndi zenera masana, zimitsani fulashi ya kamera, ndipo foni ikhale molunjika pamwamba, osapendekeka. Jambulaninso kuseri, poti ndi komwe anthu ankalemba chaka ndi mayina. Zithunzi zenizenizo musazimate pulasitiki yotenthetsa, imeneyo sichokanso. Mukafuna kulemba kuseri, lembani ndi pensulo yofewa, chifukwa bolopeni imadinda mpaka kumaso.

Achibale akamatumiza zawo pa WhatsApp, auzeni atumize ngati "Document". Akatumiza mwa nthawi zonse, WhatsApp imachepetsa chithunzicho ndipo zomwe zatayika sizibwereranso.

Dzina la fayilo lizinena zomwe zili m'katimo. Yambani ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, mwachitsanzo 1974-08-17_agogo-aamuna_kusukulu_01, kuti kompyuta iziyala yokha motsatira nthawi. Chaka chongoganizira chizidziwika kuti n'chongoganizira: lembani cha-m-ma-1960.

Mndandanda wa mibadwo mungaupange pa Gramps, pulogalamu yaulere yogwira pa Windows, Mac ndi Linux popanda intaneti. Kamodzikamodzi muzitulutsa fayilo ya GEDCOM, mtundu umene unayamba mu 1984 ndipo mapulogalamu ambiri a mibadwo amauwerenga. Mukadzasintha pulogalamu simudzayambiranso kulemba mayina mazanamazana. Pa mfundo iliyonse lembani kumene mwaitenga. Amalume akati agogo anabadwa 1938, azakhali akati 1941, lembani zonse ziwiri ndi amene wanena, osasankha nokha mwakachetechete. Chenjezo pa FamilySearch, webusaiti yofufuzira mibadwo: ndi yaulere ndipo ili ndi zolemba zambiri, koma mtengo wake wa mibadwo ndi umodzi wa anthu onse. Za amoyo amaona wolemba yekha, koma za omwalira aliyense wolowa angazione ngakhale kuzisintha. Ndi malo abwino ofufuzira, osati obisira.

Tsopano kugawa. Njira yosavuta ndi foda ya pa Google Drive, pa akaunti yatsopano yotsegulira ntchito imeneyi yokha, osati ya munthu yomwe mulinso makalata ake. Akaunti yaulere ili ndi 15 GB, yomwe imagawidwa ndi Gmail ndi Google Photos. Pangani mafoda awiri: ina yoonera, ina yolandirira. Pa foda yoonera dinani "Share", siyani pa "Restricted" (kuti alowe okhawo amene mwawaitana), lembani imelo ya wachibale aliyense payekha n'kumupatsa "Viewer", chilolezo choona chabe. Musakopeke ndi "Anyone with the link", yolola aliyense amene ali ndi linki kulowa. Imaoneka yachangu, koma linki ikangogwera m'gulu limodzi la WhatsApp, simungadziwenso amene akulowa, ndipo simungatsekere munthu mmodzi popanda kutsekera onse. Mukaitana ndi imelo, banja likatha kapena pakabuka mkangano mumangochotsa dzina limodzi.

Dziwaninso zinthu ziwiri zomwe zimadzidzimutsa anthu. Chilichonse chimene mwaika m'foda yogawidwa chimatengera zilolezo za fodayo, choncho nkhokwe isakhale m'kati mwa foda yoonera, ngakhale mutaipatsa dzina loti chinsinsi. Chachiwiri, fayilo yomwe msuweni waponya m'foda yolandirira imakhalabe yake; akadzaifufuta kapena akaunti yake ikatsekedwa, imasowanso kwa inu. Muzikopera zolandiridwazo ku nkhokwe mwamsanga. "Editor", chilolezo choika ndi kusintha zinthu, muzipereka pa foda yolandirira yokha.

Kwa akuluakulu opanda imelo, musafooketse chitetezo chifukwa cha iwo. Asindikizireni mapepala, kapena mdzukulu akawaonetse pafoni yake.

Musanaike kanthu m'foda yoonera, chotsani za anthu amoyo: tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa, kumene akukhala, manambala a ziphaso, ndi dzina la makolo la amayi awo. Zimenezi ndi zomwe mabanki amafunsa potsimikiza munthu, ndiye wakuba akazipeza pamalo amodzi, mwamuphikira kale. Gramps imakufunsani potulutsa fayilo ngati mukufuna kubisa amoyo, koma imadalira masiku amene munalemba, choncho tsegulani fayiloyo muone ndi maso anu. Zithunzi zatsopano za pafoni nthawi zambiri zimasunga m'kati malo amene zinajambulidwa; chotsani zimenezo, makamaka pa zithunzi za ana. Nkhani za matenda, za bambo weniweni wa mwana, za yemwe anamangidwapo, zimafuna chilolezo cha eni ake. Ngakhale mwini nkhani anamwalira, ana ake alipo ndipo akuwerenga.

Nkhokwe ikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina. Drive payokha si chitetezo: wina akafufuta molakwitsa, fayilo imakhala m'bini masiku 30 kenaka yapita. Fulashi disiki nayo siyodalirika ikagona m'kabati zaka zambiri, ndiye kamodzi pachaka lumikizani hadi disiki, tsegulani mafayilo angapo, mverani mawu amodzi mpaka kumapeto.

Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito, choncho wina azilowamo. Yatsani "2-Step Verification", yomwe polowa imafuna chitsimikizo china kuwonjezera pa pasiwedi, koma kumbukirani kuti ikadalira foni imodzi, foniyo ikabedwa kapena mwini wake akamwalira, banja lonse latsekeredwa panja. Sindikizani manambala khumi apadera amene Google imapereka olowera popanda foni, muwaike mu envelopu pamodzi ndi pasiwedi, msunge ndi wachibale wachiwiri. Pa "Inactive Account Manager", pomwe mumauza Google zochita akaunti ikakhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito, lembani imelo ya wachibale yemweyo, musankhe miyezi yoti idikire isanamutumizire uthenga, ndipo muchonge Drive pa zinthu zomwe adzaloledwe kukopera.