Momwe munthu wathupi lalikulu angasankhire njinga yake yoyamba ya m'mapiri ku Johannesburg

Njinga yoyamba imene ndinagula nditakhazikika kuno ku Johannesburg inali yokongola m'maso, ya mashoki kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ndinaipeza pamtengo wotsika m'sitolo ina yaikulu yogulitsa katundu wosiyanasiyana. Pa nthawiyo ndinkalemera makilogalamu 118. Pasanathe miyezi iwiri, ndikutsetsereka pa kamtunda kena ku Delta Park, ndinamva sipoko ikuduka, posakhalitsa inanso, kenako limu yakumbuyo inapindika mpaka tayala linayamba kukhula felemu, moti ndinabwerera kunyumba ndikuikankha. Ambiri mwa ife ochokera ku Malawi tinakula tikuona njinga za kabaza zikusenza matumba a chimanga ndi a makala, n'chifukwa chake timaganiza kuti njinga iliyonse imapirira katundu. Koma wa kabaza amakhala atailimbitsa njinga yake ndi masipoko okhuthala ndipo akasenza katundu amayenda mwachifatse, pamene ya m'mapiri imagunda mizu ndi miyala ili pa liwiro, ndipo thupi likakhala lalikulu kugunda kulikonse kumakathera m'mawilo. Munthu wolemera makilogalamu oposa 100 ayenera kuika ndalama zake pa mawilo, mabuleki ndi foloko, zina zonse zibwere pambuyo.

Yambani ndi sikelo

Musanalowe m'sitolo iliyonse, kwerani pa sikelo mutavala nsapato ndi zovala zimene muzipalasira. Pa nambala imene mwapezayo onjezani kulemera kwa njinga yeniyeniyo, komwe pa njinga za oyamba kumene kumakhala pafupifupi makilogalamu 14 kapena 15, ndiponso madzi akumwa ndi zipangizo zimene muzinyamula. Makampani opanga njinga amalemba malire a katundu amene njinga ingasenze. Mwachitsanzo, kampani ya Trek imanena kuti njinga zake za mtundu wa Marlin zisapyole makilogalamu 136, kuphatikiza njingayo, woikwera ndi katundu wake. Ine nditawerengera ndinapeza kuti 118 yanga, 14 ya njinga ndi 3 ya madzi ndi chikwama zikukwana 135, kutanthauza kuti ndinali m'mphepete mwenimweni mwa malirewo. Njinga iliyonse imene mwaisirira, funsani malire ake kapena muwayang'ane pa tsamba la kampaniyo pa intaneti, chifukwa mukawapyola felemu n'kuthyoka, kampaniyo ikhoza kukana kukubwezerani.

Ndi bwinonso kupita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lanu kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe ndi mamita ngati 700, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri osachita masewera amamva kubanika msanga akayamba kukwera zitunda ngati za ku Northcliff.

Sankhani ya mashoki kutsogolo kokha

Njinga za m'mapiri zilipo za mitundu iwiri: ya mashoki kutsogolo kokha, imene m'masitolo amaitcha hardtail, ndi ya mashoki mbali zonse ziwiri. Ngati ndalama zanu n'zoperewera, tengani hardtail ya felemu ya aluminiyamu. Shoki yakumbuyo yotchipa imatitimira yonse munthu wamkulu akangokhalapo, mphamvu zake zopalasira zimathera m'kunjanja, ndipo timabawuti ta m'malumikiziro timayamba kugwedera pakangopita miyezi yochepa. Za kupepuka kwa felemu ya kaboni musavutike nazo, popeza kilogalamu imodzi imene mungapulumutse siioneka pa katundu wa makilogalamu 135. Mayina amene muziwaona kawirikawiri kuno ndi Titan Racing ndi Momsen, omwe ndi a mu South Africa momwemuno, Silverback yomwe inayambira ku Cape Town, komanso Giant, Trek, Scott ndi Merida. Onsewa ali ndi njinga zolimba ndiponso zina zosakuyenerani, choncho dzina lokha lisakugulitseni.

Mawilo muwayang'ane mutagwada

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti mugwade pansi m'sitolomo n'kuwerenga masipoko ndi chala. Wilo la munthu wathupi lalikulu likhale ndi masipoko 32, osati 28 kapena 24, makamaka lakumbuyo, lomwe limasenza gawo lalikulu la kulemera kwanu. Limu ikhale ya makoma awiri komanso yotambalala, ya mamilimita pakati pa 25 ndi 30 m'kati mwake, kuti tayala likhazikike bwino osagwera m'mbali pokhota. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse: onse akhale okungika mofanana, chifukwa sipoko imene imayamba kuduka ndi yokhwefuka, yomwe imapindikapindika nthawi iliyonse wilo likazungulira mpaka chitsulo chake kutopa. Ikaduka imodzi, zinzake zoyandikana nayo zimalandira katundu wowonjezera, ndipo umu ndi momwe wilo langa lija linathera.

Yang'ananinso momwe wilo lamangidwira ku felemu. Njinga zotchipa zimagwiritsa ntchito kachitsulo kowonda kotchedwa quick release, pamene zabwinopo zili ndi ekiselo yokhuthala yotchedwa thru-axle, ya mamilimita 15 kutsogolo ndi 12 kumbuyo, imene imachititsa kuti wilo lisagwedezeke mukamanga mabuleki mwamphamvu. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli koti mungakukwanitse, sankhani ya thru-axle. Njinga zambiri za akuluakulu kuno zili ndi mawilo a mainchesi 29, ndipo matayala ndi malimu ake savuta kupeza. Matayalawo akhale onenepa, a mainchesi 2.3 kapena 2.4, popeza mpweya wochuluka umateteza limu kuti isagunde mwala.

M'tchire la kuno muli minga yaing'ono yolimba imene anthu amaitcha dubbeltjie, yofanana ndi ncheso zakwathu, ndipo imabowola machubu osaleka. Pa chifukwa chimenechi okwera njinga ambiri amachotsa machubu n'kuthira m'tayala mankhwala amadzimadzi omata timabowo, njira imene imatchedwa tubeless. Kwa inu ili ndi phindu linanso, chifukwa chubu cha munthu wathupi lalikulu chimapanikizika pakati pa limu ndi mwala n'kung'ambika pawiri. Funsani ngati malimu ndi matayalawo akulola tubeless musanalipire.

Mabuleki, foloko ndi magiya

Mabuleki akhale a disiki oyendera mafuta, chifukwa a waya amatopetsa zala ndipo sagwira mokwanira pa mtsetse wautali. Njinga zambiri zimabwera ndi madisiki a mamilimita 160, omwe amatentha msanga akamaimitsa katundu wambiri. Pemphani kuti kutsogolo akuikireni ya mamilimita 180, ndipo ngati foloko ikulola, ya 203 ndi yabwino koposa. Kusinthaku kumangofuna disiki yatsopano ndi kachitsulo kokwezera buleki, moti pa zonse zimene mungasinthe pa njinga, ichi ndi chimodzi mwa zotchipa koma chothandiza kwambiri.

Foloko yakutsogolo imakhala ya sipuling'i yachitsulo kapena ya mpweya. Sipuling'i ya pa njinga zotchipa inapangidwira munthu wa thupi lapakatikati, choncho inu mukakwera imatitimira kwambiri musanayende n'komwe, n'kutsala pang'ono poti igwirire ntchito. Ya mpweya imapopedwa ndi kapampu kake molingana ndi kulemera kwanu, ndipo cholinga n'chakuti mukaimirira pa mapedulo ititimire gawo limodzi mwa magawo asanu a utali umene imayenda. Mafoloko a mpweya a RockShox ndi SR Suntour amapezeka pa njinga za mtengo wapakati, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino kudikira miyezi iwiri mukusonkhanitsa ndalama kusiyana ndi kuthamangira ya sipuling'i.

Pa magiya, chofunika n'chakuti likhalepo lofewa kwambiri lokwerera chitunda. Shimano Deore ya magiya 11 kapena 12, yomwe giya lake lalikulu lakumbuyo lili ndi mano 51, imakwanira bwino.

Gawani ndalama musanapite kukagula

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pakati pa abale athu n'kuthera ndalama zonse pa njinga, kenako n'kuyamba kuikwera opanda chipewa choteteza mutu kapena pampu. Pa ndalama zilizonse zimene mwasunga, patulani gawo limodzi mwa magawo anayi likhale la zipangizo ndi zokonzetsera. Tiyerekeze kuti muli ndi R16,000: njinga isapyole R12,000, ndipo R4,000 yotsalayo igule chipewa, kabudula wa siponji, pampu, loko, tayala kulisintha kukhala tubeless, disiki yaikulu ija, n'kutsalako yokakonzetsa koyamba. Chipewacho n'chokakamiza, popeza lamulo la pamsewu la dziko lino lakhala likukakamiza wokwera njinga aliyense kuvala chipewa kuyambira mu 2004. Chishalo musathamangire chachikulu chofewa ngati mtsamiro, chifukwa chimanyula pa ulendo wautali. Masitolo ena a njinga amayeza kutalikirana kwa mafupa okhalira n'kukupatsani chokuyenerani.

Kumbukiraninso kuti kwa munthu wathupi lalikulu tcheni, mapadi a mabuleki ndi tayala lakumbuyo zimatha msanga, ndipo mankhwala a tubeless amauma pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono. Malo opalasirako njinga ngati Northern Farm kufupi ndi Lanseria, Thaba Trails kummwera kwa mzinda ndi Modderfontein Reserve amalipiritsa pakhomo. Zonsezi zimafuna kuti mwezi uliwonse muzisunga kangachepe pambali. Tonse tikudziwa kuti kumudzi akudikira ya fetereza ndi ya sukulu, ndipo njinga isakhale chifukwa choti ana abwezedwe kusukulu. Ngati muli m'gulu la chipereganyu, dikirani mwezi wanu, kapena funsani sitolo ngati imalola lay-by, yomwe mumalipira pang'onopang'ono n'kudzatenga katundu mukamaliza. Ngongole ya katapira pa chinthu ngati ichi ndi yosayenera ngakhale pang'ono.

Yatsopano kapena yogwirapo ntchito

Yatsopano mungakaione ku masitolo ngati Cycle Lab, Decathlon ndi Sportsmans Warehouse, kapena ku timasitolo ta njinga ta m'madera, komwe nthawi zambiri amene akukugulitsaniyo ndi makaniko yemwe adzakukonzereni. Muuzeni kulemera kwanu mosabisa ndiponso mopanda manyazi, ndipo muikwere njingayo ngakhale pa malo oimika magalimoto kuti muone ngati saizi yake ikugwirizana ndi msinkhu wanu, chifukwa saizi imatsatira kutalika kwa munthu osati kunenepa kwake.

Yogwirapo ntchito imapezeka pa masamba a pa intaneti ngati Bike Hub, Facebook Marketplace ndi Gumtree, ndipo ndalama zomwezo zikhoza kukupezerani foloko ya mpweya ndi mawilo abwino zimene pa yatsopano simukanazifikira. Koma apa pafunika maso. Kumanani ndi wogulitsayo masana pa malo a anthu ambiri, makamaka pa sitolo ya njinga pomwe makaniko angaione, ndipo musatumize ndalama musanaigwire ndi manja anu. Pukutani felemu n'kuyang'ana ming'alu mmene munawotcheredwa, makamaka pansi pa chiwongolero ndi pamene pamalowa chitsulo cha chishalo. Zungulitsani mawilo muone ngati akuvina, gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kuti mumve ngati foloko ikugogoda. Kenako itembenuzeni muwerenge nambala yake, imene nthawi zambiri imadindidwa pansi pa felemu pakati pa mapedulo, ndipo mupemphe lisiti. Njinga zimabedwa kwambiri mu mzinda uno, ndipo ya nambala yofufutidwa kapena ya mtengo wotsika modabwitsa muisiye pomwepo, pakuti mlendo wopezeka ndi katundu wakuba mlandu wake umamulemera kawiri.

Milungu yoyamba

Mukaigula, jambulani nambala ija ndi lisiti n'kuzisunga m'foni. Yambani ndi njira zosavuta ngati za m'mbali mwa kamtsinje ka Braamfontein Spruit, pakati pa Emmarentia ndi Delta Park, komwe salipiritsa, koma pitani Loweruka kapena Lamlungu m'mawa pamene okwera njinga ali ambiri, chifukwa anthu akhala akulandidwa njinga m'njira imeneyi akamayenda okha. M'dzinja la kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana, ndiye nyamukani m'mamawa. Popani tayala lakumbuyo molimbirapo kuposa lakutsogolo, osapyola nambala yolembedwa m'mbali mwake, ndipo mukafika pa miyala kapena mizu dzukani pa chishalo kuti maondo anu alandire kugundako m'malo mwa limu. Mukayenda makilomita pafupifupi 200, bwererani kwa makaniko akakungenso masipoko onse a wilo lakumbuyo, ngakhale likuoneka lowongoka, chifukwa masipoko atsopano amakhwefuka m'milungu yoyambirira imeneyi.