Kuti munthu akumvereni, yambani mwamumva iyeyo

Chimene chimaononga macheza ambiri si kusowa mawu ayi. Ndi choti mnzathu ali mkati molankhula, ife timakhala kalikiliki kukonza yankho. Kafukufuku wa mu 2009 wa zilankhulo 10 anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamangodutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ndiye kuti yankholo timalikonza winayo asanamalize, ndipo mawu ake omalizira amangotidutsa, chonsecho nthawi zambiri mpamene pagona nkhani.

Choncho akasiya kulankhula, werengani chamumtima mpaka 3. Kachetechete ameneyu amasowetsa mtendere poyamba, koma muona munthu akupuma mozama, n'kuwonjezera kuti, "Komatu chikundivuta kwenikweni n'chakuti..." Apo mpoyambira. Foni ikhale m'thumba, osati chafufumimba patebulo.

Kenako bwerezani zimene wanena m'mawu anuanu, mwachidule: "Ngati ndamva bwino, vuto si ntchitoyo, koma kuti sanakufunseni maganizo." Mukaphonya akukonzani, mukalasa atsegula mtima. Ingosamalani kuti musamatero pa chiganizo chilichonse, chifukwa zimamveka ngati mukumuyeserera.

Funso loti "chifukwa chiyani" limamveka ngati mlandu, munthu amayamba kudziteteza. M'malo moti "Munachitiranji zimenezi?" funsani kuti "Zinayenda bwanji kuti zifike pamenepa?" Pewaninso kulanda nkhani. Wina akudandaula za mwana wake wodwala, inu n'kulowerera kuti "Wanganso chaka chatha..." Mumaganiza kuti mukumutonthoza, koma mwamulanda mpando.

Mukafuna kumukopa, dikirani mpaka atavomereza kuti mwamumvetsa. Pamenepo perekani chifukwa chimodzi kapena ziwiri zamphamvu, zokhudza zimene iye amasamala, osati inu. Mukaunjika zifukwa 6, iye amatola chofooka kwambiri n'kulimbana nacho, zina zonse n'kugwera pompo. Liwu loti "koma" nalo ndi loopsa: "Mwanena zoona, koma..." limafafaniza zonse mwavomerezazo. Nenani kuti, "Mwanena zoona pa za ndalamazo. Nanga za nthawi tizitani?"

Ngati nkhaniyo ikufuna kuti asinthe maganizo, kambiranani muli awiri. Pagulu munthu amakakamira ngakhale zimene mumtima wazisiya kale, poopa manyazi. Mukaona wapinda manja, mayankho ake afupika, siyirani pomwepo, mumuuze kuti akaganizire, mudzayambirenso tsiku lina.