Mukaona liwu lakuti rehire pa kalata ya ntchito

Abale anga amene mukubwerera ku ntchito zanu zakale muno mu Lusaka, kaya ku mafakitale kaya m'masitolo a mu Cairo Road, yang'anitsitsani liwu limene abwana alemba pa kalata musanasayine.

Liwu lakuti rehire ndi lolumikiza. Kachidutswa ka re- kanachokera ku Chilatini, kamatanthauza "kachiwirinso". Hire ndi liwu lakalekale la Chingerezi, lonena za kulipira munthu kuti akugwirire ntchito. Ndiye rehire ndi kulembedwanso ntchito basi. Re-employ ndi m'bale wake, kungoti employ inalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Kulembedwanso sikuti mwapitiriza pomwe munalekezera, ayi. Kawirikawiri mumalowa ngati mlendo: kontirakiti yatsopano, mwina nthawi yoyesedwa kachiwiri, ndipo zaka zonse munakhetsa thukuta zija mwina sadzaziwerengera. Liwu lobwezera munthu pampando wake ngati sanachokepo ndi reinstate, ndipo limamveka kwambiri kukhoti, munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo.

Choncho funsani mosaopa, mwaulemu: "Bwana, tsiku langa loyambira mwalemba liti, lakale lija kapena lalero?" Ngati munali pa kontirakiti ya zaka, funsaninso za gratuity yanu yakale, ndalama zimene amakupatsani kontirakiti ikatha, imene lamulo la Employment Code la 2019 limati isachepere 25 peresenti ya malipiro enieni, osawerengera ma alawansi. Nambala ya NAPSA, bungwe la penshoni lija, apatseni yakale yomwe ija, asakutsegulireni ina.